Tisalime mpaka m'madzi, dambo nalo limadzala

Mvula yoyamba ikagwa ndi mphamvu ku Chainda, aliyense woima pafupi ndi ngalande aona madzi ofiira akuthamangira kunsi. Ambiri timangoti ndi matope, n'kudumpha kuti nsapato zisade. Koma mlimi amene anathira fataleza wa pansi dzana lake ayenera kuwayang'ana bwino madziwo, cifukwa mbali ina ya ndalama zake ili m'menemo. Ife a tsamba lino tifuna kukamba za kumene ndalamazo zimathera, ndi za madambo ndi timitsinje timene takhala tikutigwirira zotayikazo kwa zaka zambiri popanda wina kutithokoza. Tifuna kukamba nkhaniyi mvula isanafike, pamene makasu akali m'manja ndipo munthu angasinthe malire a dimba lake.

Tiyambire pa thumba lenilenilo. Pa thumba la D Compound pamalembedwa manambala atatu, 10, 20 ndi 10. Nambala yapakatiyo ndi ya fosifeti, cakudya ca mbeu cokhala ndi mcere wochedwa fosiforasi. M'thumba la makilogalamu 50 muli makilogalamu 10 a fosifeti, ndipo pa lima imodzi alangizi a zaulimi akhala akutiuza kuthira thumba limodzi lotere. Mcere umenewu ndiwo umathandiza cimanga kugwira mizu msanga ndi kukhwimitsa njere. Cimanga cikausowa cimakhala cokwinimbira, ndipo masamba ake amafiirira m'mbali ngati apsa ndi mphepo. Urea, fataleza wa pamwamba uja, alibe fosiforasi ngakhale pang'ono. Fosiforasi sapangidwa kucokera mumpweya monga nayitirojeni. Amacita kukumbidwa m'miyala, ndipo miyala yambiri yotere pa dziko lapansi ili ku Morocco. Kuno kwathu iliko ku Chilembwe kufupi ndi Petauke ndi pa phiri la Nkombwa ku Isoka. Amene anagula fataleza ndi ndalama za m'thumba mwao m'caka ca 2022, nkhondo ya ku Ukraine itayamba, akumbukira mmene mtengo unalumphira.

Khalidwe la fosiforasi ndi lakuti amamatira ku dothi. Dothi lofiira limafiira cifukwa ca dzimbiri la citsulo cimene cili m'menemo, ndipo dzimbiri limeneli limagwira fosiforasi zolimba. Kumene kuli miyala ya laimu, monga mbali zambiri za Lusaka, laimuyo nayenso amamugwira. N'cifukwa cake mbeu simadya fosiforasi yense amene tathira. M'caka coyamba imatengako pang'ono cabe, kawirikawiri osapitirira gawo limodzi mwa magawo anai. Wotsalayo amakhala m'dothi la pamwamba kuyembekezera zaka zakutsogolo, ngati ndalama ya kubanki. Tsono dothi la pamwamba ndilo loyamba kukokoloka. Mvula ikamenya munda wopanda cophimba, imanyamula tinthu tating'ono kwambiri ta dothi, ndipo tinthu tomweto ndito tanyamula fosiforasi wambiri. Mcenga wopanda pake umatsala, nthaka yonona imapita. Manyowa a nkhuku, amene alimi a madimba amakonda kugula m'matumba kwa oweta nkhuku, alinso ndi fosiforasi wambiri, ndipo mulu wake ukasiyidwa m'mphepete mwa madzi, mvula imausuluza usiku umodzi.

Nanga madzi ofiirawo amapita kuti? Lusaka anamangidwa pamtunda pamene madzi amagawikana. A kumadzulo amatsikira ku Chunga ndi Mwembeshi mpaka ku Kafue. A kumpoto ndi kum'mawa, mbali ino ya Chainda, Chelstone ndi Avondale, amapita kumtsinje wa Chongwe, ndipo mitsinje iwiri yodziwika imene imatengera madzi a Lusaka kumeneko ndi Ngwerere ndi Chalimbana. Anthu a m'tauni ya Chongwe amamwa madzi ocokera padamu la mtsinje womwewo, ndipo m'midzi ya Asoli ng'ombe zimamwa m'menemo, amai amacapa m'menemo, ana amasamba m'menemo. Kucoka apo Chongwe amakathira mu Zambezi. Cimene cicoka m'dimba la ku Chainda cili ndi eni ake ocilandira kunsi, ngakhale sitiwadziwa maina.

Pakati pa munda ndi mtsinje, Mulungu anaikapo dambo. Makolo athu sanawerenge mabuku a sayansi, koma anadziwa kuti madzi olowa m'dambo ali ofiira amatulukira kunsi ali oyera. Cimacitika n'ciani m'menemo? Coyamba, udzu, mlulu ndi bango zimafooketsa liwiro la madzi. Madzi akaleka kuthamanga sangathenso kunyamula katundu, motero dothi lija limakhala pansi pamodzi ndi fosiforasi wake. Iyi ndiyo nchito yaikulu, ndipo imadalira cinthu cimodzi, kuti madzi amwazike ndi kucedwa. Caciwiri, fosiforasi amene wasungunuka m'madzi amakumana ndi dongo, citsulo ndi laimu za m'nthaka ya dambo, ndipo zimamukoka n'kumumanga. Cacitatu, zomera za m'dambo zimamudya pokula. Koma apa tisanamizane. Udzu ukafa n'kuola umabweza zambiri zimene unadya. Zimene zimasungika kwa nthawi yaitali ndi zokhazo zimene zakwiririka pansi m'nthaka yakuda ija, caka ndi caka, mpaka kuunjikana.

Matope a pansi pa kamtsinje nawo amacita cimodzimodzi, koma iwo ali ndi kakhalidwe kodabwitsa. Madzi odutsa akakhala ndi fosiforasi wambiri, matope amatengako n'kusunga. Madzi akabwera oyera, matope omwewo amayamba kubweza pang'onopang'ono. Ali ngati sitolo ya pakomboni imene imakongoza lero, mawa n'kubwera kudzalonjerera. Cotero mtsinje ungaoneke wabwino kwa zaka zambiri pamene anthu akuuipitsa, cifukwa matope akubisa mlandu. Ndipo ungakhale woipa kwa zaka zambiri anthu atasiya kale kuuipitsa, cifukwa matope akutulutsa zakale. Maiko a ku Ulaya ndi ku America anaononga ndalama zambiri kukonza zimbudzi ndi minda yao, koma nyanja zina zinacedwa zaka makumi kuti ziyere, cifukwa ca fosiforasi wogona pansi.

Apa ndipo pagona nkhani yathu. Anthu ena, ngakhale ophunzira, amakamba za dambo ngati sefa imene imayeretsa ciliconse mpaka kalekale. Pa nayitirojeni pali zoona zake, cifukwa tizilombo ta m'matope timamusandutsa mpweya n'kubwerera kumwamba. Fosiforasi alibe njira yotere. Akalowa m'dambo amakhala momwemo, kapena amatulukira kunsi. Dambo ndi nkhokwe, ndipo nkhokwe iliyonse ili ndi pamene imadzalira. Malo omatirapo fosiforasi m'dothi ali ndi malire. Akatha, wobwera pambuyo amangodutsa.

Ndiponso nkhokweyi ingabooledwe. Madzi akaima nthawi yaitali pamatope odzala ndi zoola, mpweya wabwino umatha pansipo, ndipo dzimbiri lija limasungunuka n'kumasula fosiforasi amene linagwira. Izi zimakula kwambiri kumene zonyansa za m'zimbudzi ndi zinyalala zimalowa. Dambo likakumbidwa ngalande n'kuuma, nthaka yakuda imayamba kuola msanga, ndipo mvula ikabwera imatsuka zimene zinasungidwa kuyambira nthawi ya agogo athu. Moto wa m'cilimwe umasandutsa udzu kukhala phulusa, ndipo phulusa limapita ndi madzi oyamba. Okumba mcenga ndi oumba njerwa amavundula matope amene anagona. Ngalande imodzi yoongoka yodutsa pakati pa dambo ingathe kupha nchito yonse, cifukwa madzi sacedwanso, amangodutsa monga basi ya pa Great East Road.

Wina angafunse kuti, nanga cakudya ca mbeu cikalowa mumtsinje calakwika n'ciani? Colakwika n'cakuti m'madzi namo muli zomera, ndipo m'madzi ambiri a m'mitsinje ndi m'madamu cimene cimaziletsa kuculuka ndi kusowa kwa fosiforasi. M'caka ca 1973 katswiri wina wa ku Canada, David Schindler, anagawa nyanja yaing'ono pakati ndi cinsalu. Mbali zonse ziwiri anathirako nayitirojeni ndi kaboni, koma fosiforasi anathira mbali imodzi cabe. Mbali imeneyo inasanduka yobiriwira ndi ndere, inayo inakhala yoyera. Ndere zikaculuka n'kufa zimamaliza mpweya m'madzi ndipo nsomba zimafa. Mitundu ina imatulutsa poizoni wodwalitsa anthu ndi ziweto, ndipo kuwiritsa madzi sikucotsa poizoni ameneyo.

Sitifunika kupita ku Canada kuti tione zimenezi. Akuluakulu akumbukira zaka za m'ma 1990 pamene udzu woyandama uja timaucha Kafue weed, umene anzathu a ku Malawi amati namasupuni, unaphimba mtsinje wa Kafue pafupi ndi mlatho wa njanji ndi wa mseu. Asodzi analephera kupalasa mabwato, ndipo a magetsi ku Kafue Gorge anali ndi nkhawa ndi makina ao. Udzu umenewu umanenepa ndi madzi odzala ndi cakudya cocokera m'minda, m'mafakitale ndi m'zimbudzi. Abale athu okhala ku Harare angatiuzenso za nyanja ya Chivero. Mzinda wao uli kumtunda kwa madzi amene amamwa, madambo ambiri a mumzinda anamangidwapo nyumba, ndipo nyanjayo yakhala yobiriwira kwa zaka zambiri, kotero kuti kuyeretsa madzi ake kumafuna mankhwala ambiri okwera mtengo. Damu la Chongwe ndi laling'ono kwambiri poyerekeza ndi Chivero, ndipo laphwapo kangapo m'miyezi yotentha. Madzi ocepa, ofunda ndi osayenda ndiwo amene ndere zimakonda.

Tsopano tinene cilungamo, cifukwa tidziwa kuti nkhani zotere zikayamba, cala cimathamangira kuloza amai olima repu ndi cibwabwa m'mphepete mwa kamtsinje. Iwo si ndiwo gwero lalikulu. Kwa zaka makumi ambiri Ngwerere wakhala akulandira madzi ocokera ku maiwe a zonyansa a ku Garden ndi Kaunda Square, ndipo zonyansa za anthu zili ndi fosiforasi wambiri. Zimbudzi zokumba za m'makomboni zimasefukira m'dzinja. Pali makola akuluakulu a nkhuku ndi nkhumba, pali mafamu othirira amene amathira matumba mazanamazana pomwe mai wa dimba amagula fataleza wa m'kapu. Ndipo pali ogawa mapuloti. Khasu limaononga mphepete mwa dambo, koma simenti imapha dambo lonse, ndipo silidzabweranso.

Citsanzo cili pafupi. Nkhalango ya Lusaka East, imene ambiri amaidziwa kuti Forest 27, ndi kumene kumayambira mtsinje wa Chalimbana. Inatetezedwa m'caka ca 1957, citetezo cinacotsedwa mu 1983, ndipo anthu a m'mbali mwa Chalimbana ataona mtsinje wao ukucepa anadandaula mpaka boma linaitetezanso mu 1996. Kuyambira mu 2017 mbali zina zinacotsedwanso pa citetezo n'kugawidwa kuti pamangidwe nyumba, ndipo nkhaniyo inafika mpaka kukhoti. Amene analandira malo kumeneko sanali olima repu. Ngati lamulo lifuna kuthamangitsa wosauka m'mphepete mwa madzi, liyambe laonetsa mano ake kwa a magalimoto akuluakulu.

Komabe kulakwa kwa akulu sikutipatsa ife ufulu wotaya cuma cathu. Mlimi amene asunga dothi lake sacitira cifundo anthu a ku Chongwe okha, adzicitira yekha. Pempho lathu kwa alimi a ku Chainda ndi madera ozungulira ndi lakuti asiye mpata wa udzu pakati pa bedi lomaliza ndi madzi. Ife tinganene mapazi khumi, koma ngakhale asanu aposa kulima mpaka khasu kunyowa. Mpatawo usatenthedwe. Udzu wake uzimwetedwa n'kupita nawo kumtunda kukadyetsa mbuzi kapena kukapanga kompositi, cifukwa potero fosiforasi amene udzu wagwira abwerera kumunda m'malo mokadzaza dambo. Imeneyi ndi njira imodzi yocotsera katundu m'nkhokwe ija. Vetiva ndi nsenjere zimagwira bwino pamalo otere.

Fataleza wa pansi akwiriridwe m'phando kapena m'maenje, monga mmene a ulimi wa gamphani akhala akuphunzitsira kuyambira m'ma 1990, osati kumwaza pamwamba kumwamba kutada. Mulu wa manyowa ukhale kumtunda ndipo uphimbidwe. Matope ocotsedwa m'mifolo ya dimba abwezedwe pamabedi, pakuti ndiyo nthaka yonona ija inathawa. Sitikunena matope a m'ngalande za m'komboni zodzala ndi zonyansa ndi mapulasitiki, amenewo asafike pandiwo. Ndipo pali cinthu cimodzi cimene alimi a madimba akale sacikhulupirira. Dimba limene lalandira D Compound ndi manyowa a nkhuku caka ciliconse kwa zaka khumi kapena makumi awiri lingakhale ndi fosiforasi wokwanira kale, moti wina woonjezera sakulitsa tomato ngakhale mmodzi. Njira yodziwira ndi kupimitsa dothi. A ZARI ku Mount Makulu ndi a sukulu ya zaulimi ku UNZA amapima, ndipo alimi khumi a m'kopaletivu imodzi atasonkha, mtengo wake sungawalemere monga thumba logulidwa pacabe.

Tidziwa yankho limene tidzamva. Mai wamasiye wa ana asanu adzati, mapazi khumi amenewo ndiwo mabedi awiri a repu, ndiwo sopo ndi mabuku a ana. Adzatikumbutsanso cilala ca 2024, pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza mu February kuti dziko lili pa tsoka, ndipo mabanja ambiri anapulumukira kudambo cimanga ca kumtunda citauma. Mai ameneyu sanama. Dambo ndilo linadyetsa anthu caka cimeneco, ndipo ife sitili pamodzi ndi amene afuna kuti madimba onse atsekedwe. Koma cimene cinapulumutsa anthu ndi cinyezi cimene dambo linasunga, ndipo dambo lolimidwa mpaka pakati, lokumbidwa ngalande ndi kutenthedwa caka ndi caka, silisunga cinyezi. Ulimi ukhale m'mbali, pakati pamene pamadutsa madzi pasiyidwe. Ndipo ngati tipempha wosauka kusiya mabedi awiri kuti tonse tipindule, tonse timuthandize kunyamula mtolowo.

Apa ndi pamene mpingo ubwera. Malemu Papa Francis, m'kalata yao ya Laudato Si' ya mu 2015, anakamba kwambiri za madzi abwino ngati ufulu wa osauka, ndipo caka ciliconse kuyambira pa 1 September mpaka pa 4 October mipingo yambiri imakumbukira cilengedwe. Nthawi imeneyi imagwa bwino, mvula isanayambe. Koma kawirikawiri timangobzala mitengo iwiri pabwalo la chalichi, kujambulitsa, n'kuiwala kuithirira. Miphakati imadziwa amene amalima kuti, amene ali pa malire ndi yani, ndi amene sangakwanitse kusiya bedi popanda thandizo. Munthu mmodzi akasiya mpata wa udzu pamene anzake a kumtunda ndi kunsi alima mpaka m'madzi, adzaoneka citsiru ndipo caka camawa adzalimanso. Cinthu cotere cimatheka anthu a kamtsinje kamodzi akapangana, ndipo malo opanganira tili nao kale. Kasisi Agricultural Training Centre, imene a Jesuit anayambitsa mu 1974, ili pafupi ndi bwalo la ndege, ndipo akhala akuphunzitsa za kompositi ndi kusamala nthaka kwa zaka zambiri. Komiti ya parishi imene imatha kusonkha ndalama za basi ya kwaya ingathenso kutumiza alimi atatu kukaphunzira.

Kwa a boma tili ndi mafunso ocepa. M'caka ca 2011 Nyumba ya Malamulo inapanga malamulo awiri amene anabala WARMA yoyang'anira madzi ndi ZEMA yoyang'anira cilengedwe, ndipo mu 2018 boma linatulutsa ndondomeko ya dziko yokhudza madambo. Mapepala alipo. Kodi ndani anabwerapo kudzaika zikhomo zoonetsa pamene dambo liyambira, kuti wogula puloti adziwe asanathire maziko? Kodi madzi a timitsinje ta kum'mawa kwa Lusaka amapimidwa kangati, ndipo zotsatira zake zimaikidwa pati pamene mlimi wamba angaziwerenge m'cinenero cake? Kuyambira mu 2022 ndalama za CDF zinakwezedwa kwambiri, ndipo zina zimapita ku ngalande. Ngalande ndi zofunika, palibe afuna madzi m'nyumba. Koma ngalande ya simenti imene ithira madzi ake molunjika mumtsinje imangotumiza matope athu kwa anzathu mwaliwiro. Kumapeto kwake kukhale malo a udzu ndi dziwe lokhalitsa matope, ndipo matopewo azicotsedwa m'cilimwe n'kupita nao kutali, osati kuunjikidwa m'mphepete monga timaonera, kuti mvula yoyamba iwabweze momwe anacokera.

Tipempha khansala wa wodi ya Chainda, komiti ya citukuko ya wodi, mlangizi wa zaulimi ndi atsogoleri a mipingo kuti asankhe tsiku limodzi mvula isanagwe, ayende ndi alimi kutsata njira ya madzi kuyambira pamene amacokera m'komboni mpaka pamene amalowa mumtsinje. Alembe pamene pali mulu wa manyowa, pamene pakumbidwa mcenga, pamene nyumba yalowa m'dambo ndi pamene udzu ukalipo. Zimene adzapeze atitumizire, tidzazisindikiza patsamba lino.